Matabwa a bulugamu pa ngolo ya thirakitala, patatha dzinja ndi nyengo yokolola

Matabwa akale a ngolo yathu ya thirakitala, yopanda mbali imene timanyamulira chimanga, feteleza ndi njerwa, ataola, tinali ndi mitundu itatu yoti tisankhepo: mlombwa, paini ndi bulugamu. Mlombwa tinausiya msanga chifukwa ndi wodula ndipo umayenera zitseko ndi mipando. Paini wa ku Chikangawa analipo pamsika, ndi wopepuka komanso wotsika mtengo, koma ndi wofewa, ndipo akapanda kuthiridwa mankhwala sachedwa kuola pamvula. Tinagula bulugamu, matabwa okhuthala mamilimita 50 ndi otambalala mamilimita 150.

Pa kulimba palibe chodandaula. Anyamata amaponya njerwa mopanda chisoni, koma matabwawo angokalika pamwamba, ndipo ngakhale titasanjikiza matumba a makilogalamu 50 mpaka pamwamba, palibe thabwa limene lapindika pakati pa zitsulo zopingasa. Kulemera kwake kokha ndiko kumamveka pokankha ngolo ndi manja.

Nkhani yaikulu yagona pa kuuma. Bulugamu amauma pang'onopang'ono, ndipo akaumira pa ngolo atamangidwa kale amachepa m'mbali ndi kung'aluka kumapeto. Matabwa amene anasanjidwa pamthunzi kwa miyezi ingapo asanaikidwe adakali owongoka, ndipo mpata waung'ono umene mmisiri anasiya kuti madzi azidutsa sunasinthe kwenikweni. Atatu amene anabwera ali aawisi kuchokera kwa ocheka, pofuna kukwaniritsa chiwerengero, anachepa kwambiri dzuwa la Okutobala litawomba, moti mpata unakula mpaka chala kulowa. Thumba likangobooka, chimanga chimatayikira mumsewu. Awiri mwa matabwa atatuwo ang'aluka kuyambira pa bawuti yakumapeto. Ndaonanso kuti mbali yoyera ya kukhungwa yayamba kufewa pamene thabwa limakhudzana ndi chitsulo, pomwe chinyezi chimakhalitsa, pamene mtima wofiirira wa mtengowo udakali gwa.

Mmisiri anakana misomali, ponena kuti pa bulugamu wouma imapindika kapena kung'amba thabwa, ndipo anaboola kaye n'kumanga ndi mabawuti a mitu yobulungira. Mabawuti amenewa anafunika kuwalimbitsanso matabwa atachepa, ndipo ochepa amene sanali okutidwa ndi zinki achita dzimbiri loopsa chifukwa cha feteleza wotayikira. Oyilo wakutha wa injini, amene ambiri amamuyamikira, tinapaka kunsi ndi kumapeto kokha, popeza pamwamba amadetsa matumba ndiponso amaterera kukagwa mvula.

Matabwa awiri ong'alukawo tiwachotsa mvula yoyamba isanagwe, ndipo olowa m'malo mwake, opanda mbali yoyera, akuuma kale m'shedi, atalekanitsidwa ndi timitengo kuti mphepo izidutsa.