Mabuloko a konkire wosakaniza ndi mphira: kodi akupirira nyengo ya ku Johannesburg?

Amisiri amene timagwira ntchito yomanga kuno ku Johannesburg, m'dziko la South Africa, tayamba kukumana ndi mabuloko oyala pansi amene opanga ake amachepetsako mchenga n'kuikamo tizidutswa ta matayala akale ogayidwa pamakina. Ogulitsa amanena kuti mabulokowa amalimba pena paliponse, koma nditawayala pabwalo la nyumba ina ku Roodepoort, dera la kumadzulo kwa mzindawu, komanso pakhomo polowera malole pamalo ena osungira katundu, ndaona kuti ubwino wake ulipo ndithu, kungoti uli ndi malire amene wogula ayenera kuwadziwa asanatulutse ndalama.

Pa nkhani ya kuzizira, mabulokowa andisangalatsa kwambiri. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo mu June ndi July chisanu chimagwa usiku mpaka udzu kuyera. Madzi amene alowa m'timibowo ta konkire akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse, n'chifukwa chake mabuloko wamba osaumbidwa bwino amayamba kunyenyeka m'mbali. Tizidutswa ta mphira timasunga timpweya m'kati mwa konkire ndipo timafinyika, motero madzi oundanawo amapeza kolowera osaswa simenti. Pabwalo la ku Roodepoort nyengo yozizira yadutsa, mvula ya matalala yadutsanso, koma m'mbali mwa mabuloko mudakali mwaudongo. Limodzi likagwa pa wilibala limangobenthuka pakona osasweka pakati, ndipo mukalidula ndi galainda mumaona timadontho takuda paliponse, kwinaku fungo la tayala lopsa likutuluka. Ndi opepukanso m'manja, zimene wonyamula tsiku lonse amazithokoza.

Vuto lili pa kusenza katundu wolemera. Simenti sagwirana bwino ndi mphira monga amachitira ndi mchenga kapena kwale, choncho tizidutswato tikachuluka, mphamvu ya konkire imatsika. Pamalo osungira katundu paja, pamene malole amakhota atadzaza, pamwamba pa mabuloko panayamba kuperepeseka, tizidutswa takuda n'kumazuka n'kusiya timaenje tosunga madzi. Wogulitsa sanathe kundiuza kuchuluka kwa mphira m'mabuloko ake, ndipo zimenezi sizinandikomere, chifukwa funso limeneli ndilo loyamba limene mmisiri aliyense angafunse. Opanga ena amayamba atsuka tizidutswato ndi soda wopangira sopo kuti simenti agwire bwino, ndipo wopanga wodalirika ayenera kuonetsa zotsatira za kuyeza mabuloko ake motsatira muyeso wa SANS 1058, umene umayang'anira mabuloko oyala pansi m'dziko lino. Pa nsanamira, mabimu kapena silabu ya nyumba yosanja, konkire wotereyu sindingamulole popanda injiniya kuvomereza.

Chimene chinandidetsa nkhawa koposa ndi mawu akuti mabulokowa saopa asidi. Kuyambira pamene golide anapezeka ku Witwatersrand, dera limene mzinda uno unamangidwapo, mu 1886, migodi yasiya milu ya dothi lokhala ndi mwala wa pyrite, umene ukakumana ndi madzi ndi mpweya umatulutsa asidi, ndipo mu 2002 madzi otere anayamba kusefukira pamtunda cha ku Krugersdorp, tauni ya kumadzulo kwa Johannesburg. N'zoona kuti tizidutswa ta mphira sitidyeka msanga ndi asidi, koma chimene chimagwirizanitsa buloko lonse ndi simenti, ndipo simentiyo ndi amene amadyeka. Amene akumanga pafupi ndi milu ya migodi, kumadzulo ndi kumwera kwa mzinda, asadalire mphira kuti awateteza. Ayezetse kaye dothi, akonze ngalande zabwino, ndipo afunse ngati simenti wake ali wosakaniza ndi phulusa la malasha kapena zotsalira posungunula chitsulo, zimene zimathandiza kuti madzi asalowerere kwambiri. Moto nawonso ndi mdani wa mabulokowa. Ambiri a ife timayatsa mbaula pabwalo nthawi yozizira, ndipo pamene mbaula inakhalitsa popanda chotchinga pansi panada n'kufumbutuka.

Mtengo umene ndinagulira unaposa pang'ono wa mabuloko wamba, ndipo pa ntchito yoyenera sindikuona kuti ndi wokwera. Dziko lino lili ndi matayala otha ochuluka, ena amaotchedwa m'makomboni kuti anthu aothe kapena achotsemo mawaya, ndipo boma limatolera marandi 2.30 pa kilogalamu iliyonse ya tayala latsopano pofuna kuthana ndi zinyalala zimenezi. Kuwagaya n'kuwaika pansi poyenda anthu n'kwanzeru. Panjira za miyendo, pakhonde, pabwalo losewerera ana ndi poimika galimoto yaing'ono ndidzawagulanso, bola wogulitsa andilembere papepala kuchuluka kwa mphira ndi mphamvu imene mabulokowo anaonetsa atayezedwa.