Pogona ku Whistler: nyumba ya kampani kapena ya lendi?

Ukapeza ntchito ya nyengo yachisanu ku Whistler, tauni ya kumapiri ya m'dziko la Canada kumene anthu amapita kukachita masewera otsetsereka pa chipale chofewa, kuyambira Novembala mpaka Epulo, chokuimitsa mutu choyamba ndi pogona. Nyumba za kampani n'zotsikirako mtengo, koma mumapanikizana m'kachipinda kamodzi, mabedi osanjikizana, masokosi onyowa atayanikidwa paliponse. Phokoso silitha. Komatu anzako umawapezera momwemo: mnyamata wa ku Australia amene ukulimbirana naye poto kukhitchini usiku, mawa lake ndi yemweyo akukuphunzitsa kutsetsereka paphiri.

Kuchita lendi ku Pemberton, makilomita pafupifupi 30 kumpoto, kumakupatsa tulo tabwino. Koma umadzuka kudakali mdima kuthamangira basi, madzulo n'kumadya wekhawekha. Wobwera koyamba ine ndimamuuza kuti alowe ya kampani, apirire phokosolo mpaka adziwane ndi anthu.