Ndamuonetsa mwana wanga masewero a Hedvig Lindahl pa FIFA+

Mwana wanga wamkazi anasankha yekha kukhala pagolo. Vuto linali lakuti ankaphunzirira pa timavidiyo ta mphindi ziwiri tija, tongoonetsa magoloboyi akuuluka m'malere. Mapeto ake anayamba kudzigwetsera mpira uliwonse, ngakhale woti akanangouwola ali chiimire. Ndinkafuna aone masewero athunthu, ndipo ndinawapeza pa FIFA+, tsamba la bungwe la FIFA lomwe linatsegulidwa mu 2022. Muli nkhokwe ya masewero akale a World Cup, a abambo ndi a amayi omwe, ndipo ife sitinalipire kalikonse.

Tinagwirizana zotsata goloboyi mmodzi: Hedvig Lindahl wa ku Sweden. Mayiyu anabadwa mu 1983, anasewerera dziko lake masewero 189, ndipo anagwirapo pagolo la Linköping, Kristianstad, Chelsea, Wolfsburg ndi Atlético Madrid.

Ndinayamba dala ndi tsiku lomwe zinamuvuta: semifainolo ya World Cup ya 2011 ku Frankfurt, pomwe Sweden inayamba kugoletsa koma n'kugonja 3-1 kwa Japan. Pa chigoli chomaliza Lindahl anatuluka kutali kukachotsa mpira, mpirawo unagwera Nahomi Kawasumi, ndipo iye anauponya pamwamba pake mpaka muukonde. Mwana wanga anagwira pakamwa, n'kundilanda foni, kubweza katatu konse. Ulendo wachitatu sankayang'ananso chigolicho, ankayang'ana mpira womwe unamutulutsa pagolo. Anandifunsa kuti, "Bambo, akanakhala pamzere sibwenzi atamugoletsabe?" Tinakambirana funso limeneli mpaka usiku. Apa m'pamene ndinaona phindu la tsambali, chifukwa kavidiyo kafupi kamangoonetsa goloboyi akuthamangira m'mbuyo mwamanyazi, osaonetsa chimene anaganiza asanatuluke.

Kenako tinalumpha zaka zisanu ndi zitatu, kufika mu June 2019 ku Paris, Sweden ikusewera ndi Canada. Stina Blackstenius wa Sweden anali atagoletsa kale pomwe woyimbira, atakaonanso vidiyo ya zomwe zinachitika (VAR), anapereka penate kwa Canada chifukwa mpira unagunda mkono wa Kosovare Asllani wa Sweden. Janine Beckie anaumenya bwino ndithu, molunjika pakona, koma Lindahl, ali ndi zaka 36, anadziponya kumanja kwake n'kuukankhira kunja. Tinaimitsa chithunzi pomwe phazi la Beckie likukhudza mpira, kuti mwana aone mmene mawondo a goloboyi analili opinda, thupi lonse lili tcheru. Sweden inapambana 1-0, inachotsa Germany, inagonja kwa Netherlands m'nthawi yowonjezera, n'kumaliza pa nambala yachitatu itagonjetsa England 2-1 ku Nice. Masewero onsewa tinawaonera motsatana m'sabata imodzi, ndipo chomwe chinamukhudza kwambiri mwana wanga ndi kuchuluka kwa mphindi zomwe Lindahl sankagwira mpira n'komwe, koma akusuntha pang'onopang'ono ndi kukalipira otchinga kumbuyo ake.

Pali zofunika kudziwiratu. Kamera ya pa TV imatsata mpira, choncho timu ikamaukira goloboyi wake amasowa pa sikirini, pomwe nthawi imeneyo ndi imene wophunzira amafuna kuona pomwe waima. Komanso mbiri yaikulu ya Lindahl ili ku Olimpiki ya Rio mu 2016, komwe anagwira penate ya Alex Morgan pochotsa United States, n'kugwiranso awiri a Brazil mu semifainolo, Sweden n'kutenga mendulo ya siliva. Umenewo ndi mpikisano wa eni ake ena, ndiye tinakaufuna kwina. Chimodzimodzi masewero ake a ku Chelsea. Ndipo masewero a mphindi 90 amafuna intaneti yokhazikika. Foni imathandiza, koma kuti muone bwino mapazi a goloboyi, kompyuta ndiyo yabwino.

Kwa kholo kapena mphunzitsi amene ali ndi mtsikana wokonda pagolo, ndikulimbikitsa ndi mtima wonse. Ife Loweruka likubwerali tikuonera Zećira Mušović, amene anadzakhala pagolo la Sweden pambuyo pa Lindahl, pa masewero aja a ku Melbourne mu 2023 pomwe anatchinga mipira 11 ya United States. Mwana wanga wakonza kale kope loti azilembamo pomwe waima pa mpira uliwonse.