ARIMA kapena GAM poyeza kusintha kwa plankton

Aliyense amene akufuna kudziwa mmene plankton, tizomera ndi tizilombo ting'onoting'ono toyandama m'madzi, timachulukira kapena kuchepa pakapita zaka amakumana ndi njira ziwiri zosanthulira ziwerengero, ARIMA ndi GAM, ndipo zonse zimapezeka mu pulogalamu yaulere ya pakompyuta yotchedwa R. Ziwerengero zabwino zoyeserapo ndi za Continuous Plankton Recorder, kafukufuku amene Alister Hardy anayambitsa mu 1931, momwe sitima zamalonda zimakoka makina osefa madzi pa nsalu ya silika. Ziwerengerozi ndi zomwe zinaonetsa kuti mu North Sea, nyanja ya kum'mawa kwa Britain, mtundu wa plankton wotchedwa Calanus finmarchicus, wokonda madzi ozizira, unachepa pamene Calanus helgolandicus unkachuluka madzi atayamba kufunda.

ARIMA, imene akatswiri a ziwerengero Box ndi Jenkins anaitchukitsa mu 1970, imalosera mwezi wamawa potengera miyezi yapitayi. Ntchito imeneyi imaigwira bwino, koma imafuna kuti madzi azitungidwa pa nthawi zotalikirana mofanana, ndipo payokha sinena chomwe chachititsa kusinthako.

GAM, imene ambiri amaiyendetsa ndi mgcv, chida cha mu R chimene analemba Simon Wood, imagawa kusinthako m'zigawo zojambulidwa ngati mizere: mzere wa nyengo za pachaka, mzere wa zaka zambiri, ndi mzere wa kutentha kwa madzi, uliwonse wopindika monga mmene ziwerengero zikuutsogolera. Siivutika ngati tsiku lotunga madzi linadumphidwa, ndipo ikaphatikizidwa ndi negative binomial kapena Tweedie, njira za masamu zimene zimalola ziro wambiri, imalandira ngakhale zitsanzo zomwe simunapezeke kanthu, zomwe mu plankton n'zochuluka. Choipa chake n'chakuti, mukaiwala kuti miyezi yoyandikana imafanana, imakupatsani chitsimikizo choposa chimene ziwerengero zingapereke. Komanso mzere wake ukapitirira chaka chomaliza umasochera msanga, choncho si woulosera nawo kutali.

Ilipo njira yachitatu, MARSS, yolekanitsa kulakwitsa kwa woyeza ndi kusintha kwenikweni, koma imafuna zaka zambiri ndi kuleza mtima.

Kwa ife a ku Lilongwe, makamaka ophunzira za nsomba ku Bunda amene adzatengere njirazi ku Nyanja ya Malawi, kumene mphepo ya mwera imavundula madzi a pansi n'kukweza chakudya cha plankton amene usipa umadya, ine ndingayambe ndi GAM, chifukwa ulendo wa boti umalephereka mafuta akasowa, ndipo mipata yotereyi ARIMA imavutika nayo ikachuluka.