Tchaja ya iMAX B6 patatha miyezi 7, kaboti kathu kasiya kufera pakati pa damu

Kaboti ka rimoti kameneka anabweretsa ndi alamu anga kuchokera ku Johannesburg ngati mphatso ya mwana wanga wamkulu, nde Loweruka lililonse timapita nako ku kadamu kena cha ku Chigumula. Kanabwera ndi batire yotchaja ya mtundu wa NiMH ya 7.2V, maselo 6 omangidwa pamodzi mu pulasitiki, komanso katchaja kakuda kapakhoma kopanda ngakhale dzina. Miyezi yoyamba zinali bho, kenako kanayamba kumangoima pakati pa madzi pasanathe ndi mphindi 5 zomwe, mwana ali kumtunda kudina rimoti misozi ili mbwembwembwe, ine kusakasaka nsungwi yayitali yoti tikakokere. Zinkandiwawa kwambiri chifukwa mwanayo amadikira tsiku limeneli sabata yonse.

Ndinkaganiza kuti mota yapsa. Chomwe chinkandisokoneza nchoti ndikayeza batire ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, itangochoka pa tchaja imaonetsa 8V ndi kanthu, nde ndimati batire ilibe mlandu. Apa ndi pomwe ambiri timanamizika, batire yotopa ikangokhala osagwira ntchito imaonetsa mphamvu yabwinobwino, koma mota ikangoyamba kukoka imagwa nthawi yomweyo. Alamu omwewo ndi amene ananditumizira tchaja ya iMAX B6 ndipo chinthu choyamba chomwe inandithandiza si kutchaja ayi koma kukhetsa moto uku ikuwerenga. Ndinatchaja batire kudzadza, kenako ndinaika pa discharge, ndiko kukhetsa moto kuja, kuti itsike mpaka 6.0V, kutanthauza 1.0V pa selo iliyonse, sikirini nkumawerenga ma mAh omwe akutuluka, muyezo wa kuchuluka kwa moto womwe batire yasunga. Pa batire analemba 3000mAh koma munatuluka 1100 yokha basi. Nditang'amba pulasitiki nkuyeza selo imodziimodzi itangomaliza kukhetsa, maselo 5 anali pamwamba pa 1.1V koma imodzi inali pansi zedi, ndiyomwe imakokera anzake onse pansi. Ndinapezanso kuti waya wakuda wa negetivi wada mkati mpaka mkuwa wake kumanyenyeka, chinyezi cha m'boti chimachita zimenezo, nde dziwani kuti nthawi zina vuto limakhala waya ndi pulagi chabe osati batire.

Katchaja kakale kaja ndikukhulupirira ndi komwe kanapha selo imeneyi chifukwa sikadziwa kusiya, ukaiwala usiku wonse umapeza batire yatentha ngati mbatata yootcha. B6 ikamatchaja NiMH imadikira pomwe mphamvu yafika pamwamba nkuyamba kutsika pang'ono, imazindikira kuti yadzadza nkulira nkusiya yokha. Ilinso ndi cycle, kutchaja ndi kukhetsa mobwereza mpaka ka 5, zomwe zimadzutsako batire ya NiMH yomwe yangokhala nthawi yayitali, koma selo yoti yafa yafa basi, yanga sinabwerere.

Kenako tinagula batire ya mtundu wina yotchedwa LiPo, ya 2S kutanthauza maselo awiri, 7.4V 2200mAh, titaonetsetsa kaye kuti ESC ya kabotiko, kachipangizo kolamulira liwiro la mota, imalola LiPo komanso imadula yokha moto ukatsika. Apa nde tchaja imeneyi ndaikonda zenizeni. LiPo ili ndi kapulagi kena koyera ka mawaya ang'onoang'ono, ukakalowetsa m'mbali mwa tchaja nkusankha balance umaona selo iliyonse payokha pa sikirini, ndipo imazifananitsa mpaka zonse zifike 4.20V, pamodzi 8.4V. Ine ndimatchaja pa 2.2A osapitirira, lamulo lake ndi losavuta, 2200mAh ndi 2.2A, ikanakhala 3000mAh bwenzi ili 3A, ndipo imatenga ola limodzi ndi kanthu. Selo ya LiPo isatsike kupitirira 3.0V, ife kaboti kakangoyamba kufooka timakabweza kumtunda pompo, mwana anazolowera tsopano sachita kuuzidwa.

Chomwe sindinkadziwa nkomwe ndi kasungidwe. LiPo sifuna kusungidwa yodzadza komanso sifuna kusungidwa yopanda kanthu, imafuna cha pa 3.8V pa selo, ndipo B6 ili ndi storage yomwe imakweza kapena kutsitsa yokha kufika pamenepo. Nthawi ya mvula tinakhala masabata angapo osapita ku damu, ndinaisiya pa storage, titabwerera inali momwemo osatupa. Mnzanga wina wa ku Chilomoni anasiya yake yodzadza mu galimoto mwezi wa October dzuwa lili phwee, anaipeza yafufuma ngati mandasi. Yotupa musaitchajenso chonde, musaiboole, musaipanikize kuti ibwerere, imeneyo imatha kuyaka ndipo moto wake si wamasewera. Ine ndimatchajira pa simenti pakhonde, kutali ndi makatani, chitini cha mchenga chili pambali, ndipo sindichokapo mpaka ithe.

Zoti mudziwiretu musanagule. Yanga ndi ija yopanda pulagi yapakhoma, imafuna moto wa DC wa pakati pa 11V ndi 18V, nde muyenera kukhala ndi adaputa kapena batire ya galimoto. Kwa ife kuno zimenezi zinasanduka mwayi chifukwa magetsi akathima Lachisanu usiku ndimangoilumikiza ku batire ya sola ya 12V ntchito nkumayenda, ngakhale ku damu komweko timatchajira pa galimoto. Amene mukufuna yolowetsa pakhoma ilipo ina yotchedwa B6AC. Kutchaja imafika 5A koma kukhetsa sipitirira 1A, nde kuyeza batire yayikulu kumafuna maola angapo, chitani tsiku loti muli pakhomo. Zolemba pa sikirini ndi zachingerezi chachidule ndipo mabatani ndi 4 okha, masiku awiri oyamba ndinkabwerera ku kabuku kake pafupipafupi. Chachikulu onetsetsani mtundu wa batire musanadine start, LiPo kuitchaja ngati NiMH ndi ngozi yeniyeni chifukwa tchaja sidzasiya pa 4.2V. Pa LiPo imakufunsa kaye kutsimikiza nambala ya maselo, musamangodina mothamanga, werengani. Komanso zachinyengo zofanana nayo zilipo zambiri pamsika, yang'anani kuti ndi ya SkyRC yeniyeni, ndipo ikafika yezani batire yodzadza ndi multimeter muone ngati manambala akugwirizana ndi a pa sikirini, yanga anagwirizana.

Tikaweruka ku damu timatsegula chivundikiro cha kaboti, kuchotsa batire, kupukuta mapulagi ndi kansalu kouma nkusiya kaboti kali kotsegula kuti kaume mkati. Timayang'ananso pulopela chifukwa udzu wam'madzi kapena ulusi wa mbedza ukakulungika pamenepo mota imakoka moto wambiri, batire kutentha nkutha msanga iwe nkumati yafa. Ndipo batire yotentha yongochoka m'boti timaidikira izizire kaye tisanaitchaje.

Ndikuipatsa 5 pa 5 ndi mtima wonse. Loweruka lapitali kaboti kanayenda mpaka mwana anakabweza yekha, titafika kunyumba anatenga batire nkulowetsa kapulagi koyera kaja yekha, nkundiwerengera kuti adadi selo yoyamba 3.71 yachiwiri 3.72, tiike pa storage? Pano tikusunga ndalama ya batire yachiwiri kuti mng'ono wake nayenso azigwirako rimoti.