Makromozomu kapena DNA: njira iti pofufuza chibadwa cha milamba

Amene akufuna kudziwa mmene milamba imasiyanirana pa chibadwa angathe kuona makromozomu (timitolo ta DNA tokhala m'kati mwa selo) pa maikulosikopu, kapena kupima DNA yeniyeniyo. Njira ziwirizi zimayankha mafunso osiyana, choncho ndi bwino kutsimikiza kaye funso musanagule mankhwala a mu labotale.

Poona makromozomu, nsomba yamoyo imabayidwa mankhwala otchedwa colchicine kuti maselo aime ali mkati mogawikana, pamene makromozomu amakhala atakhuthala bwino. Kenako amachotsa impso, n'kuviika maselo ake mu potassium chloride kuti afufume, kuwalimbitsa ndi methanol wosakaniza ndi acetic acid, ndi kuwapaka utoto wa Giemsa. Chotsatira chake ndi chiwerengero chomwe munthu amadziwerengera yekha ndi maso. Clarias gariepinus, mtundu umodzi wa mlamba, ali ndi makromozomu 56, Heterobranchus longifilis, mtundu wina, ali ndi 52, ndipo haibulidi (mwana wobadwa pokwatitsa mitundu iwiri yosiyana) ya awiriwa imakhala ndi 54. Ku Thailand, kumene alimi amakwatitsa Clarias macrocephalus wa makromozomu 54 ndi C. gariepinus, ana amatuluka ndi 55, chiwerengero chosagawika pawiri, ndipo aamuna a haibulidi imeneyi sabereka. Pa funso lakuti nsomba ili m'dziwe ndi haibulidi kapena ayi, umboni wotere ndi wovuta kuutsutsa.

Vuto limabwera pamene mitundu iwiri ili ndi chiwerengero chofanana. Ictalurus punctatus ndi Ictalurus furcatus a ku North America onse ali ndi makromozomu 58, moti haibulidi yawo, imene imawetedwa kwambiri ku United States, singadziwike powerenga chabe. Apa m'pamene ofufuza amawonjezera zizindikiro: C-banding, yomwe imadetsa mbali zina za makromozomu, kupaka siliva komwe kumaonetsa malo ena pa makromozomu otchedwa NOR, ndiponso njira yotchedwa FISH, yomwe imawalitsa pamene pakhala tizigawo ta DNA totchedwa 18S ndi 5S rDNA. Zizindikirozi zathandiza kwambiri ku South America, kumene Rhamdia quelen, mtundu wa mlamba wa kumeneko, amapezeka ndi makromozomu owonjezera otchedwa B mu nsomba zina koma osati zonse. Komabe poona makromozomu nsomba imafa, labotale iyenera kukhala pafupi, ndipo maiwe awiri a C. gariepinus adzaonetsa 56 onse, ngakhale m'dziwe limodzi nsomba zitakhala kuti zaswana pachibale kwa mibadwo yambiri. M'kuona kwanga, apa ndi pamene njirayi imathera mphamvu.

DNA imafuna kachidutswa ka chipsepse kosungidwa mu ethanol, ndipo nsomba imabwerera m'madzi yamoyo, zomwe n'zofunika kwa woweta amene safuna kutaya makolo a mbewu yake. Njira yofala kwambiri ndi ya COI, kagawo ka DNA ka zilembo pafupifupi 650 komwe kanayamba kugwiritsidwa ntchito pozindikira mitundu ya zamoyo mu 2003. Imatchula mtundu wa nsomba mwachangu, koma popeza COI ili mu mitochondria (tizigawo ta m'selo tokhala ndi DNA yaketake), amene mwana amatengera kwa mayi okha, haibulidi imaoneka ngati mayi ake enieni, ndipo bambo sasiya chizindikiro chilichonse.

Ma microsatellite (malo a mu DNA pamene zilembo zochepa zimabwerezabwereza), amene a C. gariepinus anafalitsidwa mu 1996, amaonetsa mbali ya mayi ndi ya bambo yomwe. Ndi amenewa munthu amaona ngati kusiyana kwa chibadwa kukuchepa m'gulu, amadziwa kholo la mwana aliyense, ndiponso amayerekeza nsomba zoweta ndi za mumtsinje. Chovuta chake n'chakuti zotsatira za malabotale awiri sizigwirizana mosavuta, ndipo nthawi zina mbali imodzi imakana kuoneka, zomwe zimanamiza wofufuza kuti kuswana pachibale kwachuluka. Ma SNP (kusiyana kwa chilembo chimodzi cha DNA) amapima malo masauzande ambiri nthawi imodzi, makamaka kuchokera mu 2016 pamene DNA yonse ya I. punctatus inafalitsidwa, koma amafuna makompyuta amphamvu ndi munthu wodziwa kusanthula zotsatira zake. Kwa wongofuna kusankha makolo osakhala pachibale, ma microsatellite ochepa osankhidwa bwino ndi okwanira.

Pali ntchito imodzi imene kuwerenga makromozomu kumayankhabe mwachindunji. Oweta akaziziritsa mazira ongolandira kumene umuna kuti apange milamba yosabereka, ya magulu atatu a makromozomu, C. gariepinus wotere ayenera kuonetsa 84 m'malo mwa 56, ndipo COI singaone kusiyana kumeneku.