Likuni Phala wa m'paketi kapena wogayitsa nokha? Kwa osamalira odwala ndi opereka thandizo ku Zomba

Agogo akayamba kukana nsima, mwana akatsika sikelo, kapena wachibale akagonekedwa ku chipatala chachikulu cha Zomba Central, wina pabanjapo amathamangira kusitolo kukagula paketi ya Likuni Phala. Ndalama imeneyo siipita pachabe. Ufawu ndi wabwino, koma ambiri amauwonongera pamoto pouphika wamadzimadzi, ndipo ena amaugula pamene kugayitsa okha kukanawathandiza koposa.

Dzinali linachokera ku chipatala cha mishoni cha Likuni ku Lilongwe. Masiku ano amaupanga ndi makampani angapo, odziwika kwambiri ndi a Rab Processors a ku Blantyre. Maziko ake ndi amodzi: pafupifupi magawo 4 a chimanga pa gawo 1 la soya, kuthiramo mavitamini ndi michere monga ayironi. Magalamu 100 a ufa wotere amapereka makalori oyandikira 380 ndi zomanga thupi za magalamu pafupifupi 14. Pa zomanga thupi ndi mavitamini, ufa woyera sungayandikeko, chifukwa pokonola ndi poviika mphale zambiri zofunika zimapita ndi madeya ndi madzi.

Wa m'paketi umaposa wogayitsa pa zinthu ziwiri. Mavitamini aja simungawapeze kuchigayo. Komanso soya wake amakhala atapsa kale kufakitale, ndiye phala silichedwa pamoto ndipo silivutitsa m'mimba. Kwa munthu mmodzi wodwala amene akudya masupuni owerengeka patsiku, gulani paketi basi. Musanalipire yang'anani chizindikiro cha MBS (bungwe loona za ubwino wa katundu la Malawi Bureau of Standards) ndi tsiku lothera ntchito, ndipo muifinye pang'ono kuti muone ngati siinabooke. Werenganinso zimene alembapo kuti zili m'katimo, chifukwa mapaketi ena amabwera ndi shuga kale. Kwa wodwala matenda a shuga nkhani imeneyi si yaing'ono, ndipo ngakhale ufa wopanda shuga ndi chimanga ndithu, choncho muyezo wake mufunse kuchipatala. Ufa wodula m'timapepala topanda dzina, umene amagulitsa poyera mumsika, ungakhale wabwino kapena ayi. Simungadziwe kuti soya alimo wochuluka bwanji kapena unagayidwa liti. Ununkhizeni. Fungo la mafuta okhalitsa likamveka, usiyeni.

Tsopano pamoto, pamene pamatayika zambiri. Kapu 1 ya ufa imafuna makapu 3 a madzi, osapitirira 4. Sungunulani ufawo m'kapu imodzi ya madzi ozizira mpaka usalale, kenako muthire m'madzi otsalawo akayamba kuwira, uku mukutakasa ndi mthiko. Mukathira ufa wouma m'madzi owira mumapanga mibulu, ndipo m'kati mwa mbulu ufa umakhala wauwisi. Lisiyeni libwate mphindi 10 pamoto wochepa. Soya ali ndi mafuta ndipo amagwira pansi pa poto msanga, makamaka mapoto opyapyala aja pa mbaula ya makala yoyaka kwambiri. Likapserera pansi musapale, tsanulirani la pamwamba mu poto ina.

Phala loyenera ndi limene limakhala pa supuni mukaipendeketsa, n'kumagwa pang'onopang'ono. Anthu amalichepetsa mphamvu ndi mtima wabwino, poganiza kuti wodwala kapena mwana sangameze lolimba. Koma mimba ya mwana wa miyezi 8 imadzaza ndi theka la kapu kapena kupitirirako pang'ono, ndipo ngati theka la zimene zalowazo ndi madzi, mwanayo wakhuta koma sanadye. N'chimodzimodzi agogo amene amatopa atameza masupuni asanu. Ngati mukufuna lofewa, lifewetseni ndi mafuta ophikira kapena mkaka m'malo mwa madzi. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta imawonjezera makalori pafupifupi 120 popanda kuchulutsa phala m'mbale. Nsinjiro masupuni 2 zimachitanso bwino, koma zilowe phala likadali pamoto kuti zipse. Dzira lomenya mulithire kutatsala mphindi 3 kuti muphule. Matemba a ku Chilwa, okazinga n'kusinja n'kusefa, amalowa bwino m'phala lamchere, ndipo okalamba ambiri amene atopa ndi zotsekemera amalilandira mosavuta kuposa la shuga.

Tiyi asamwere limodzi ndi phalali, chifukwa amalepheretsa thupi kutenga ayironi. Papaya kapena gwafa pambali zimathandiza. Tiyiyo adikire ola limodzi.

Kwa amene anadwala sitiroko, kaphikidwe ndi theka chabe la ntchito. Akhale tsonga, mutu utaweramira kutsogolo pang'ono, ndipo asagone mpaka patapita mphindi 30. Muwapatse theka la supuni nthawi imodzi, ndipo muone m'kamwa kuti ameza musanawonjezere, poti chakudya chimabisala m'tsaya la mbali yofooka. Akamatsokomola kapena mawu akamamveka ngati muli madzi pakhosi, lekani ndipo mukauze adokotala. Phala lolowa m'mapapo limabweretsa chibayo. Apa ndi pamenenso lamadzimadzi limaopsa, chifukwa limatsetsereka munthu asanakonzeke kumeza. Magadiyani a m'chipatala afunse anamwino asanadyetse wodwala amene akuyembekeza kupita kuthiyeta. Ndipo phala lophika m'mawa lisadikire madzulo pansi pa bedi: likakhala maola oposa 2 litazizira, litayeni kapena mulibwatitsenso lonse.

Pali pamene Likuni sakwanira. Mwana wosakwana miyezi 6 ndi wa bere lokha. Mwana wotupa mapazi ndi nkhope, kapena wowonda mpaka khungu kukwinyika m'matako, akufunika kuchipatala kumene amapereka chiponde ndi mkaka wapadera. Kumusunga kunyumba ndi phala, ngakhale lokoma bwanji, n'kutaya masiku. Alangizi a zaumoyo ali ndi kalamba koyezera mkono, ndipo kuyezako n'kwaulere.

Nkhani imasintha pakakhala pakamwa pambiri. Banja losunga ana amasiye asanu, kapena gulu la amayi a mpingo lothandiza sukulu ya mkombaphala ku Jali kapena ku Thondwe, silingakwanitse mapaketi mwezi ndi mwezi. Apa chigayo chimapambana, makamaka mukagula soya mu Epulo ndi Meyi pamene alimi angokolola. Pa makilogalamu 4 a chimanga ikani 1 wa soya. Chimanga chikhale chosakonola, cha mgaiwa, chosankhidwa bwino. Njere zovunda, zobiriwira kapena zakuda tayani, chifukwa poizoni wa chuku samatha ndi moto ndipo amawononga chiwindi. Ngati chinathiridwa mankhwala a anankafumbwe, chipeteni, muchitsuke n'kuchiyanika mpaka chiume gwa.

Soya ndiye amafuna luso. Wauwisi ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya zomanga thupi, n'chifukwa chake phala la soya wosakazinga limatupitsa mimba ndi kutsegula ana. Musamuviike m'madzi ozizira, pakuti ndi pamene pamabadwira fungo lija limene ana amakanira phala. Njira zilipo ziwiri. Mutha kumukazinga m'chiwaya pamoto wapakati kwa mphindi 15 mpaka 20, osaleka kutakasa, mpaka makoko ayambe kusweka ndipo m'kati mufiire pang'ono. Kapena mumuthire pang'onopang'ono m'madzi owira kale kuti kuwira kusaleke, aphike mphindi 30, kenako mumuyanike. Njira yachiwiriyi imatulutsa ufa wokoma, koma kuno ku Zomba imayenda bwino makamaka mu Seputembala ndi Okutobala. Nthawi ya dzinja, kapena masiku a chiperoni pamene phiri silioneka, soya wophika amachita nkhungu asanaume. Wokazingayo mumupukuse ndi manja, mupete makoko ndi lichero, musakanize ndi chimanga musanafike kuchigayo. Mtedza musagayire limodzi: umatseka sefa, achigayo amadandaula, ndipo ufa umayamba kununkha msanga. Phala la ufa wogayitsawu libwate mphindi 20, osati 10.

Gayitsani wokwana masabata 3 kapena 4. Ufa wochokera kuchigayo umakhala wotentha, ndiye uyaleni pa mphasa uzizire musanautsekere m'ndowa ya chivindikiro, apo ayi umachita thukuta n'kuumbika. Ndowayo ikhale pa thabwa, osati pa simenti.

Kwa opereka thandizo, masamu ake ndi awa. Mukawerengera magalamu 100 pa mwana patsiku, thumba la makilogalamu 25 ndi mbale 250. Pasukulu ya ana 50 limatha m'masiku 5. Anthu ambiri amadabwa akamva zimenezi, chifukwa thumba limaoneka lalikulu pachithunzi cha tsiku lopereka. A Mary's Meals, amene anayamba kudyetsa ana a sukulu m'dziko muno mu 2002, amagwiritsa ntchito phala lomweli, ndipo chimene chimagwira ntchito m'njira yawo n'chakuti mwana amalipeza tsiku lililonse la sukulu. Matumba 10 obwera tsiku limodzi m'kachipinda kodontha amagawana ndi makoswe. Ndi bwino kuwapereka pang'onopang'ono mwezi uliwonse. Mphatso zimachulukanso pa Khirisimasi, pamene njala yeniyeni m'midzi imaluma mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitatha ndipo chimanga chakwera mtengo. Amene angathe asungeko gawo la thandizo lawo kufikira miyezi imeneyo.

Ufa wokha suphika phala. Musanagule, funsani alezi a pamalopo ngati ali ndi mphika waukulu, nkhuni, makapu, sopo ndi ndowa ya madzi osamba m'manja. Nthawi zambiri chosowa chimakhala chimodzi mwa zimenezi, ndipo ufa umakhala m'thumba sabata yathunthu podikira nkhuni. Pa matumba anayi alionse, ndalama ya thumba lachisanu ipite ku mafuta ophikira, shuga ndi mchere wa ayodini. Shuga wa m'dziko muno amathiramo vitamini A, choncho pa ufa wogayitsa nokha amabwezerako pang'ono zimene paketi ikanapereka. Supuni yaing'ono imodzi pa kapu ya mwana ndi yokwanira.